Baptism, sacrament, eucharist: mawu a kutchalitchi amene nacho Chingerezi chinachita kubwereka

Mawu akuti baptism si Chingerezi ayi. Ambirife tikamawerenga Baibulo la Chingerezi kapena kumvera ulaliki wa Chingerezi timangoti poti mawuwa ali m'chilankhulo chawo ndiye kuti eni akewo akuwamva bwino kuposa ife, chonsecho nawonso anachita kubwereka ndithu ngati mmene ife tinabwerekera kuti tipeze ubatizo ndi kubatiza. Kwawo kwa mawuwa ndi ku Chigiriki, baptizo, nde anadutsa mu Chilatini nkukhala baptizare, kuchoka apo analowa mu Chifalansa chakale, nkudzafika mu Chingerezi cha m'ma 1300. Njira yonseyi palibe amene anawamasulira, aliyense amangokonza katchulidwe kuti kagwirizane ndi lilime lake basi.

Ndipo kwa Mgiriki sanali mawu a kutchalitchi olo pang'ono. Muzu wake ndi bapto, kuviika, mawu a munthu wonyika nsalu mu utoto, ndipo baptizo ndi kumiza. Josephus, Myuda wolemba mbiri uja amene anakhala ndi moyo nthawi imodzi ndi atumwi, amagwiritsa ntchito mawu omwewa ponena za chombo chimene chamira m'nyanja. Choncho munthu wakale akamva kuti Yohane ali ku Yordano akubatiza, sankamva mawu achilendo ofuna kalasi kuti awamvetse, ankangomva kuti kuli munthu akuviika anthu mu mtsinje. Zimenezi ndi zomwe zimandikhudza pa nkhani yonseyi, kuti pafupifupi mawu onse a masakramenti amene lero amamveka akuluakulu ndi oopsa anayamba ngati mawu wamba, a msilikali, a wapaulendo, a munthu woyamika mnzake, ndipo tikawabwezera pomwe anachoka chikhulupiriro sichichepa ayi, chimangoyandikira.

Angerezi akale anali nawo mawu awoawo. Asanagonjetsedwe ndi a ku Normandy mu 1066, ubatizo ankautcha fulluht, kutanthauza kuti kupatula kotheratu kapena kuyeretsa kwathunthu, ndipo Yohane Mbatizi ankati Iohannes se fulluhtere. Mgonero ankautcha husel, kutanthauza nsembe. Chifalansa chitabwera ndi mafumu atsopano mawuwa anayamba kuzilala mpaka kufa. Ajeremani ndiye anasunga awo, mpaka lero amati taufen, ndipo mawu amenewa ndi pachibale ndi deep komanso dip a mu Chingerezi, kuya ndi kuviika. Mwana wa Chijeremani amamvako kuya kwa madzi mu dzina la ubatizo, wa Chingerezi samva kanthu mpaka wina amuuze.

Mwina mufunsa kuti nanga omasulira Baibulo analekeranji kungolemba dip kapena wash kuti nkhani ithe. Anaganizapo, ndipo anakana dala. Amene anamasulira Baibulo la King James, lomwe linatuluka mu 1611, anapatsidwa malamulo, ndipo limodzi linali loti mawu akale a mpingo asungidwe, church asasanduke congregation. M'mawu oyamba a Baibulolo anachita kunena kuti sanatsate a Puritan, Aprotestanti okhwimitsa zinthu a ku England, amene amafuna kulemba washing m'malo mwa baptism. Mkanganowu unadzabukanso ku America, pomwe mu 1836 bungwe la American Bible Society linakana kuthandiza ndi ndalama mabaibulo a zilankhulo zina amene anamasulira baptizo kuti kumiza, a Baptist anakhumudwa nkuyamba mabungwe awo, ndipo la American Bible Union lomwe linayamba mu 1850 linadzatulutsa Chipangano Chatsopano momwe Yohane akutchedwa John the Immerser. Taonani, kusamasulira kuja kunali njira yosungira mtendere, chifukwa mawu oti baptize aliyense amatha kuikamo zomwe mpingo wake umachita.

Apa ndi pomwe pamabwera mawu atatu amene mungakumane nawo m'mabuku a zaumulungu. Immersion ndi kumiza. Affusion ndi kuthira madzi pamutu. Aspersion ndi kuwaza, ndipo mawu omalizawa mu Chingerezi cha masiku ano anapita kolakwika, akati munthu ali ndi ntchito ya cast aspersions ndiye kuti akuwaza mnzake mawu oipitsa mbiri. Ine mbali yanga ndi iyi, ndipo ndinena mosabisa: wonena kuti baptizo kwenikweni ndi kumiza akunena zoona, ndipo Aroma 6:4, pomwe Paulo akuti tinaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu mwa ubatizo, imamveka bwino kwambiri ukaona munthu akulowa yense m'madzi nkuvuuka. Koma wonena kuti dikishonale yathetsa mlandu ndiye wafulumira. Pa Luka 11:38 Mfarisi anadabwa kuti Yesu sanasambe asanadye, ndipo mawu ali pamenepo ndi baptizo yemweyu, ndiye nkovuta kukhulupirira kuti amayembekeza kuti mlendo alowe thupi lonse m'madzi asanakhale pa chakudya. Palinso kabuku kakale kwambiri ka malangizo a mpingo kotchedwa Didache, kolembedwa chakumapeto kwa nthawi ya atumwi kapena patangopita nthawi pang'ono, kamene kamati batizani m'madzi oyenda, ngati palibe m'madzi ena, ngati ozizira sangatheke ofunda, ndipo ngati zonsezi palibe thirani madzi katatu pamutu m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Akhristu oyambawo ankakonda mtsinje koma sankatsekera munthu kunja chifukwa choti madzi achepa.

Ndikulemba mosamala chonchi chifukwa pa mawu amenewa panafa anthu. Ku Zurich mu Januware 1525 kagulu ka anthu amene anabatizidwa kale ali makanda kanabatizana kachiwiri ali akuluakulu, adani awo nkuwapatsa dzina loti Anabaptist, ana mu Chigiriki ndi kubwereza, ndiye kuti obatizanso. Iwo dzinalo ankalikana, ankati woyamba uja sunali ubatizo, ndiye tikubwereza chiyani. Mu Januware 1527 mmodzi wa atsogoleri awo, Felix Manz, anamumanga nkumumiza mu mtsinje wa Limmat, ndipo amene anagamula mlanduwo anali akuluakulu a mzinda wa Chiprotestanti. Mukamaona mawu akuti paedobaptism, ubatizo wa ana, kuchokera ku pais, mwana, ndi credobaptism, ubatizo wa okhulupirira, kuchokera ku credo, ndikhulupirira, dziwani kuti kuseri kwa timawu ta m'kalasi timeneti kuli mtsinje umenewu.

Pali mawu ena amene ndi a Chingerezi chenicheni, christening. Anachokera ku cristnian, kusandutsa munthu kukhala Mkhristu. Poti khanda linkapatsidwa dzina pa tsiku la ubatizo, tanthauzo linayamba kupendekera ku dzinalo, nchifukwa chake mafomu akale a Chingerezi ankafunsa Christian name pomwe lero amalemba first name. Linapendekera mpaka lero amachita christen sitima yapamadzi, kuiswera botolo la vinyo nkuipatsa dzina. Mu mpingo wa Anglican christening ndi baptism ndi chinthu chimodzi, palibe chachikulu ndi chaching'ono, kungoti anthu pakamwa amati christening akamanena za khanda ndi phwando lake. Ine ndimakonda baptism, chifukwa christening masiku ano anthu ambiri amangomvamo dzina ndi zithunzi, madzi ndi Khristu zimatsalira m'mbuyo.

Chiwiya cha madzi obatizira chija amati font, kuchokera ku fons, kasupe mu Chilatini, pachibale ndi fountain. Si font ya pa kompyuta ija ya maonekedwe a zilembo, iyo inachokera ku mawu a Chifalansa onena za kusungunula chitsulo, angofanana kalembedwe.

Koma amene amandimvetsa chisoni ndi gossip. Eee, gossip yomweyi ya miseche. Mu Chingerezi chakale anali godsibb, god ndi Mulungu, sibb ndi m'bale, sib yemweyo ali mu sibling, ndiye godsibb anali m'bale mwa Mulungu, munthu amene waimirira mwana wako pa ubatizo nkukhala wachibale wako chifukwa cha madzi aja osati magazi. Chibale chake chinali chenicheni moti malamulo a mpingo ankaletsa ukwati pakati pa anthu olumikizana motero. Kenako mawuwa anayamba kutanthauza bwenzi la pamtima, makamaka amayi amene ankabwera kudzakhala ndi mnzawo pa nthawi yobereka, kenako macheza awo, kenako miseche basi. Dzina la udindo wopatulika linatsetsereka mpaka kukhala dzina la tchimo la lilime. Lero amati godfather, godmother, godparent, amene ife timati bambo kapena mayi a ubatizo, ndipo m'mabuku a mpingo amalembanso sponsor. Sponsor ameneyu poyamba sanali kampani yolipirira timu ya mpira, anachokera ku spondere, kulonjeza mwalumbiro, muzu womwewo wa spouse ndi respond, ndipo Tertullian, mlembi wa Chikhristu wa ku Carthage, cha m'ma 200 anali akulemba kale za ma sponsor a pa ubatizo, nkumadandaula kuti akusenzetsedwa malonjezo amene mwina sadzatha kuwakwaniritsa. Amene wapemphedwa kuimirira mwana azidziwa kuti dzina lakelo likunena lonjezo, mphatso ndi zongowonjezera.

Wophunzira amene akukonzekera ubatizo ndi catechumen, ndipo buku lake ndi catechism, katekisimu yathu ija, onse achokera ku katecheo, kuphunzitsa pakamwa, ndipo mukamvetsera bwino mumva echo mkatimo, mawu opita nkubwerera, funso ndi yankho. Akangobatizidwa amakhala neophyte, chomera chongobzalidwa kumene, mawu amene ali pa 1 Timoteo 3:6 pomwe Paulo akuti woyang'anira mpingo asakhale wongotembenuka kumene. Obatizidwa ankavala zoyera, ndipo ambiri amagwirizana kuti ndi pomwe panachokera Whitsunday, Lamulungu loyera, dzina la Pentekoste ku England.

Tsopano sacrament mwini wake. Mu Chipangano Chatsopano cha Chigiriki mawuwa mulibemo, ndi a Chilatini. Kwa Aroma sacramentum linali lumbiro la msilikali polowa usilikali, kulumbira kuti adzamvera mkulu wake ndipo sadzathawa pankhondo. Inalinso ndalama ya chikole imene anthu awiri okangana kubwalo la milandu ankaikiza. Cha m'ma 112 bwanamkubwa wina, Pliny, analembera mfumu Trajan kuchokera ku Bithynia kufotokoza zomwe wapeza za Akhristu, ndipo anati amakumana kusanache, amaimbira Khristu ngati mulungu, nkudzimanga ndi sacramentum kuti sadzaba, sadzachita chigololo, sadzaphwanya lonjezo. Tertullian uja anawatenga mawuwa nkuwaika pa ubatizo, kuti pamadzi paja ndi pomwe Mkhristu amalumbira kulowa m'gulu la nkhondo la Khristu. Ndimaona kuti mbali imeneyi tinaitaya. Timakamba za sakramenti ngati chinthu cholandira chabe, kaya unalandira kaya sunalandire, pomwe mu dzina lakelo muli munthu akuimirira nkunena kuti kuyambira lero ndine wa uyu.

Agiriki sankati sacrament, ankati mysterion, chinsinsi, chinthu chobisika chimene Mulungu waulula, ndipo mipingo ya Orthodox mpaka lero mu Chingerezi imati holy mysteries. Baibulo la Chilatini lotchedwa Vulgate m'malo ena linamasulira mysterion kuti sacramentum, ndipo malo amodzi otero ndi Aefeso 5:32, pomwe Paulo akukamba za mwamuna ndi mkazi kukhala thupi limodzi nkunena kuti chinsinsi ichi nchachikulu. Wowerenga Chilatini kwa zaka zoposa 1,000 ankawerenga pamenepo kuti sakramenti ili ndi lalikulu. Sindikunena kuti chiphunzitso cha Katolika pa ukwati chaima pa vesi limodzi lokhali, pali zambiri, koma nzoona kuti linathandiza, ndipo nthawi ya Reformation, pomwe Aprotestanti ankapatukana ndi Akatolika, linakanganitsa anthu kwambiri.

Augustine, mphunzitsi wamkulu wa mpingo wakale, anafotokoza mwachidule kuti mawu akafika pa chinthu chooneka ngati madzi pamakhala sakramenti, ndipo analitcha mawu ooneka ndi maso. Katekisimu wa Anglican anatsata njira yomweyo, amati ndi chizindikiro chakunja chooneka cha chisomo chamkati chauzimu. Za kuchuluka kwake ndiye zinatenga nthawi, kwa zaka zambiri aphunzitsi ankawerenga mosiyanasiyana, mpaka Peter Lombard wa ku Paris cha m'ma 1150 anandandalika 7, ndipo msonkhano wa ku Trent mu 1547 unatsimikiza kuti ndi 7, osaposa osachepera: ubatizo, ulimbitso, ukaristia, kulapa, kudzoza odwala, unsembe ndi ukwati. Martin Luther, woyambitsa Reformation, mu 1520 anayamba buku lake la za masakramenti ndi atatu nkulimaliza ndi awiri, ubatizo ndi mgonero. A Baptist ambiri ndi a Pentekoste sakonda nkomwe mawu oti sacrament, amati ordinance, cholamulidwa, kutanthauza kuti timachita chifukwa Ambuye analamula, osati chifukwa madziwo kapena mkatewo ukunyamula chisomo. Ndiye mukamva mlaliki akuti ordinance wakuuzani kale chiphunzitso chake asanatsegule vesi.

Zomwezi zimachitika pa gome la Ambuye, dzina limene munthu wasankha limaulula komwe amapemphera. Eucharist, ukaristia, ndi eucharistia, kuyamika. Pa Luka 22:19 Yesu anatenga mkate nayamika, mawu ake ndi amenewa, ndipo mpaka lero ku Greece munthu akamathokoza amati efharisto, zikomo. Justin Martyr polemba ku Rome cha m'ma 150 anati chakudya chimenechi timachitcha eucharistia. Tangoganizani, mawu amene ena amawaopa kuti ndi achikatolika kwambiri ndi zikomo chabe, zikomo wamkulu wa mpingo wonse. Communion ndi chiyanjano, kugawana chinthu chimodzi, kumasulira koinonia ya pa 1 Akorinto 10:16, nchifukwa chake wochotsedwa pa gome amati excommunicated, wotulutsidwa mu chiyanjano. Lord's Supper ndi mgonero wa Ambuye, kuchokera pa 1 Akorinto 11:20, ndipo breaking of bread, kunyema mkate, ndi ya pa Machitidwe 2:42. Onsewa ndi a m'Baibulo ndipo lililonse lagwira mbali yake, lina kuyamika, lina umodzi, lina chakudya chenicheni chodyera pamodzi.

Mass, Misa, ndiye ndi lodabwitsa chifukwa linachokera kumapeto kwa mapemphero. Mu Chilatini mtumiki ankatsanzika anthu kuti ite, missa est, pitani, mwamasulidwa, ndipo missa ameneyu ndi pachibale ndi dismiss komanso mission, onse a ku mittere, kutuma. Mwambo wonse unatenga dzina la mphindi yotumidwa kunja. Christmas ndi Misa ya Khristu, ngakhale pakamwa pa munthu amene sanalowepo mu Misa chibadwire.

Kamkate koyera kaja mu Chingerezi amati host, ndipo apa anthu amasokonezeka chifukwa ma host alipo atatu ochokera ku mawu atatu osiyana a Chilatini. Host wolandira alendo ndi wa ku hospes. Host wa mu Lord of hosts, Yehova wa makamu, ndi wa ku hostis, amene anayamba ngati mdani nkudzakhala gulu la nkhondo. Host wa pa guwa ndi wa ku hostia, nyama yoperekedwa nsembe. Ndiye Mkatolika akati host akunena kuti nsembe, ndipo nchifukwa chake Aprotestanti ambiri amangoti bread kapena elements. Chikho amati chalice, kuchokera ku calix, chikho wamba chomwera. Transubstantiation, mawu otalika aja, trans ndi kuoloka kapena kusintha, substantia ndi chimene chinthu chili kwenikweni, ndiye chiphunzitso chake nchakuti maonekedwe ndi kakomedwe ka mkate ndi vinyo zimatsala koma chenichenicho chasanduka thupi ndi magazi a Khristu. Msonkhano wa Lateran wachinayi mu 1215 unagwiritsa ntchito mawu amenewa. Koma musaganize kuti Aprotestanti atawakana anagwirizana okhaokha. Ku Marburg mu 1529 Luther ndi Zwingli, mtsogoleri wa Aprotestanti a ku Zurich, anagwirizana pa mfundo 14 mwa 15, yotsalayo inali ya mgonero, ndipo nkhani inali pa kamawu kamodzi, ili ndi thupi langa, kodi kamawu koti "ndi" kameneka kakutanthauza kuti mkatewo ndi thupi ndithu kapena ukuimira thupi. Luther anachita kulemba mawuwo ndi choko pa tebulo kuti asasunthe. Anasiyana osagwirizana.

Confirmation sindichedwapo, ndi confirmare, kulimbitsa, ndipo ulimbitso wathu unamasulira bwino zedi. Chongofunika kudziwa nchakuti kwa Akatolika wolimbitsa ndi Mulungu mwa Mzimu Woyera, pomwe m'mipingo yambiri ya Chiprotestanti ndi wachinyamatayo amene akutsimikiza ndi pakamwa pake malonjezo amene anamunenera ali khanda, mawu amodzi koma wochita ndi wosiyana. Mafuta ake amati chrism, kuchokera ku chrio, kudzoza, ndipo apa ndi pomwe pali chuma, chifukwa Christos, Khristu, ndi wodzozedwa, kumasulira mashiach wa Chiheberi, Mesiya. Khristu si dzina la bambo ake a Yesu ngati mmene ena amaganizira, ndi udindo. A Orthodox sakramentili amalitcha chrismation ndipo amadzoza khanda nthawi yomweyo likangotuluka m'madzi.

Pa kulapa ndiye ndikhalitsapo, chifukwa apa kumasulira kunasintha mbiri ya dziko. Yohane ndi Yesu ankalalikira kuti metanoeite, meta ndi kusintha, nous ndi maganizo, ndiye ndi kusintha kaganizidwe, kubwerera. Vulgate inalemba paenitentiam agite, zomwe munthu angamve kuti lapani, koma angamvenso kuti chitani ntchito za kulapa, ndipo popita nthawi ambiri ankamva chachiwirichi, kuti pita kwa wansembe, ulula, ukachite zomwe wakupatsa. Katswiri wamaphunziro Erasmus atatulutsa Chipangano Chatsopano cha Chigiriki mu 1516 anaonetsa kusiyanaku, ndipo mfundo yoyamba mwa mfundo 95 za Luther za mu 1517 ili pa mawu omwewa, akuti pamene Ambuye anati lapani ankafuna kuti moyo wonse wa okhulupirira ukhale kulapa. William Tyndale mu Chipangano chake cha Chingerezi cha 1526 analemba repent, osati do penance, ndipo Thomas More, Mkatolika wodziwika wa ku England, anamuukira kwambiri pa mawu amenewa ndi ena ochepa. Tyndale anaphedwa ku Vilvoorde mu 1536. Akatolika a Chingerezi atatulutsa Chipangano chawo ku Rheims mu 1582 anasunga do penance. Choseketsa palibe apa, koma chodabwitsa chilipo, repent, penance ndi penitence onse ndi ana a paenitentia yemweyo, moti mu Chingerezi mulibe amene amanyamula bwinobwino kusintha maganizo kwa metanoia, onse amapendekera ku chisoni. Pamenepa ine ndimanyadira Baibulo lathu likamati tembenukani mtima, chifukwa lafika pafupi ndi Chigiriki kuposa Chingerezi. Chisoni chokha sichikwanira, Yudasi anamva chisoni koma sanatembenuke.

Ku paenitentia komweko kunachokera penitentiary, ndende, chifukwa okonza ndende ku America ankakhulupirira kuti mkaidi akakhala yekha chete alapa. Confession ili ndi nkhope ziwiri, kuulula machimo ndi kuvomereza chikhulupiriro, nchifukwa chake Westminster Confession ya 1646 si mndandanda wa machimo a anthu a ku Westminster koma zomwe amakhulupirira, ndipo muzu wake ndi kuvomereza poyera chimene chili choona, kaya ndi za iwe kaya za Mulungu. Absolution ndi absolvere, kumasula chomangidwa. Angerezi akale ankati shrive, wansembe kumva kuulula nkupereka chikhululuko, ndipo mawuwa atsalira mu Shrove Tuesday, Lachiwiri loti mawa lake ndi Lachitatu la Phulusa, pomwe anthu ankakalapa Lenti isanayambe. Atsaliranso mu short shrift, imene lero ndi kumuyankha munthu mwachidule mosamulabadira, koma poyamba inali kanthawi kochepa kamene woweruzidwa kuti aphedwe ankapatsidwa kuti aulule machimo ake. Masiku ano Akatolika amakondanso kunena kuti reconciliation, kuyanjananso.

Kudzoza odwala kale kunkatchedwa extreme unction, unction ndi kudzoza, extreme apa ndi komaliza, osati koopsa. Dzinali linkachititsa mantha, banja linkachedwa kuitana wansembe poopa kuti akangobwera ndiye kuti maliro. Msonkhano wachiwiri wa Vatican, wa 1962 mpaka 1965, unati dzina loyenera ndi anointing of the sick, kubwerera ku Yakobo 5:14 pomwe wodwala akuuzidwa kuitana akulu a mpingo kuti amupempherere ndi kumudzoza mafuta, ndipo cholinga pamenepo ndi kuchira. Ndikuona kuti anachita bwino kwambiri. Ukaristia wopatsidwa kwa munthu amene ali pafupi kumwalira ndiwo viaticum, kuchokera ku via, njira, ndipo kwa Aroma viaticum inali kamba wa paulendo. Last rites si sakramenti limodzi, ndi dzina la zonse zochitidwa pa nthawi imeneyo, kulapa, kudzoza ndi kamba ameneyu.

Matrimony ili ndi mater mkati mwake, mayi, pomwe wedding ndi Chingerezi chenicheni, wedd linali lonjezo kapena chikole. Ordination ndi ya ku ordo, mzere kapena gulu, kumuika munthu pa malo ake m'dongosolo la mpingo. Deacon ndi diakonos, wotumikira, ngakhale woperekera chakudya pa tebulo. Bishop ndi episkopos atafupikitsidwa pakamwa pa Angerezi, epi ndi pamwamba, skopos ndi woyang'ana, woyang'anira, ndipo episkopi wathu ali pafupi ndi gwero kuposa bishopu.

Priest ndiye wovuta kuposa onse, ndipo ndi mawu ena amene More ndi Tyndale anakanganirana. Priest ndi presbyteros atafota, ndipo presbyteros ndi mkulu, munthu wachikulire, komwe kunachokeranso dzina la Presbyterian, mpingo wolamulidwa ndi akulu. Koma Chigiriki chili ndi mawu enanso, hiereus, munthu wopereka nsembe mu kachisi, amene Chilatini chimati sacerdos. Chingerezi sichinasunge mawu akeake a wachiwiriyu, nde chinatenga priest nkumugwiritsa ntchito ponseponse, Aroni ndi priest, Kayafa ndi high priest, mtsogoleri wa parishi nayenso ndi priest. Tyndale pofuna kulekanitsa anayamba walemba senior pa presbyteros, kenako anasintha nkulemba elder, ndipo King James ngakhale inali ndi lamulo losunga mawu akale inatsata elder yemweyo. Akatolika ali ndi zifukwa zawo zotchulira mtumiki wawo wansembe, chifukwa amakhulupirira kuti Misa ndi nsembe ya Khristu, ndipo m'zikalata zawo amalembanso presbyter. Chongofunika ndi chakuti wowerenga adziwe mawu amene ali pansi pa vesi. Mu Chichewa sitivutika chifukwa mkulu ndi wansembe ndi mawu awiri osiyana. Pa 1 Petro 5:1 Petro akudandaulira akulu nkudzitcha mkulu mnzawo, apo ndi presbyteros. Pa 1 Petro 2:9, m'kalata yomweyo, akuti inu ndinu ansembe achifumu, apo ndi banja la hiereus, ndipo akuuza mpingo wonse wa obatizidwa, amuna ndi akazi, akapolo ndi mfulu, a ku Ponto, Galatiya, Kapadokiya, Asiya ndi Bituniya.